Wonenepa uja ali ndi dzina: Sammo Hung

Mukafunsa anthu okonda mafilimu a kung fu kuno kwathu kuti katswiri weniweni ndani, mayina amatuluka omwe aja: Bruce Lee, Jackie Chan, Jet Li, ndipo achinyamata amawonjezera Donnie Yen, amene ambiri amangomutcha Ip Man. Mukawaonetsa chithunzi cha Sammo Hung amamuzindikira pompo, ena mpaka kuseka chifukwa chokumbukira zina zomwe anachita, koma dzina silibwera. Amangoti "wonenepa uja." Zimenezi zimandipweteka, chifukwa ndikukhulupirira kuti mwa akatswiri onse a ndewu amene anatuluka ku Hong Kong, palibe amene anafika pa Sammo Hung pa nkhani yosewera munthu weniweni, woti mtima wake mukuuona. Ndipo chimene chimamuika pamwamba ndi chomwecho chimene chimachititsa kuti timuiwale: anavomera kugonja pakanema, anavomera kunyozeka, kukhala munthu woipa, ngakhale kufa, pamene anzake ankateteza mbiri yawo yoti sagwa.

Anthu ambiri anamuona koyamba osadziwa kuti ndi iye. Filimu ya Enter the Dragon ya mu 1973 imayamba ndi ndewu ya anthu awiri ovala makabudula akuda ndi magolovesi, pabwalo lozunguliridwa ndi amonke. Mmodzi ndi Bruce Lee. Winayo, wathupi lodzadza uja amene akugwetsedwa, kudzuka, kugwetsedwanso, mpaka kupanidwa mkono n'kuvomera kuti wagonja, ndi Sammo Hung ali ndi zaka 21. Taionereninso ndewu imeneyo, koma maso akhale pa wogonjayo. Onani mmene akugwera, mmene akudzukira mwamsanga, mmene akulandirira theche lililonse kuti lioneke lolemera. Bruce Lee akuwala pamenepo chifukwa mnzakeyo akudziwa kugwa. Ntchito yowalitsa anzake imeneyi Sammo waigwira kwa zaka zoposa 50.

Anabadwira ku Hong Kong mu 1952, m'banja la anthu a mafilimu. Agogo ake aakazi, Chin Tsi-ang, anali mmodzi mwa azimayi oyambirira kusewera mafilimu a ndewu ku China. Ali ndi zaka 9 anamupereka kusukulu ya zisudzo za Peking opera ya mphunzitsi Yu Jim-yuen, yotchedwa China Drama Academy. Ana ankagona komweko, kudzuka m'mamawa, kuima chadodolido ndi manja, kugudubuka, kuimba, kuphunzira kugwiritsa ntchito ndodo ndi malupanga, ndipo wolakwitsa ankakwapulidwa. Anthu ena amene anakulira pasukuluyo ndi Jackie Chan, Yuen Biao, Yuen Wah ndi Corey Yuen. Sammo ndiye anali mkulu wawo, wowayang'anira mphunzitsi akachokapo, ndipo mpaka lero ku Hong Kong amamulemekeza monga mkulu wa akulu onse pantchitoyi. Zisudzo za opera zitayamba kutha mphamvu, anyamatawa analowa m'mafilimu monga anthu ogwa m'malo mwa ena, olumpha kuchokera padenga kuti katswiri asavulale. Sammo anakwera msanga n'kukhala wokonza ndewu kukampani ya Golden Harvest ya Raymond Chow, ndipo mu 1977 anatsogolera filimu yake yoyamba, The Iron-Fisted Monk.

Pali chinthu chimodzi chokhudza mafilimu a ku Hong Kong a nthawi imeneyo chimene chimathandiza kumvetsa luso lake. Ambiri ankajambulidwa popanda kujambula mawu. Osewera ankachita zonse, kamera ikujambula, ndipo mawu ankaikidwa pambuyo pake mu situdiyo, kawirikawiri ndi anthu ena. Filimu imodzi inkatuluka m'Chikantonizi kwa anthu a ku Hong Kong, m'Chimandarini kwa a ku Taiwan ndi kwina, ndiye m'Chingerezi kwa ife akutali. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Chikantonizi chinali chitatsala pang'ono kutheratu m'mafilimu, makampani akuluakulu monga Shaw Brothers akupanga za Chimandarini. Chinabwerera ndi filimu ya The House of 72 Tenants ya mu 1973 komanso nthabwala za Michael Hui, ndipo m'badwo wa Sammo ndi Jackie Chan ndi umene unalowetsa chilankhulo cha mumsewu chimenechi, ndi nthabwala zake, m'mafilimu a kung fu.

Tsono wosewera amene akudziwa kuti mawu ake adzachotsedwa n'kuikidwa a munthu wina amadalira chiyani? Amadalira thupi. Ife amene tinakulira m'mavidiyo a m'misika, pabenchi, filimu ikutanthauziridwa m'Chichewa ndi mnyamata amene akuwonjezera zakezake, tili m'gulu la anthu otha kuweruza bwino nkhaniyi. Mawu a Sammo Hung ambiri aife sitinawamvepo. Komabe timadziwa pamene wachita manyazi, pamene akunama, pamene mantha amugwira. Amalankhula ndi mapewa ndi mapazi monga amachitira Gule Wamkulu pabwalo, osatsegula pakamwa koma aliyense n'kumva. Wotanthauzira akhoza kusintha nkhani yonse, kumupatsa dzina la kumudzi, kumunenetsa zimene sananene, koma sangasinthe mmene munthuyo waweramira.

Ndewu zimene amakonza nazonso zimanena nkhani. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi The Prodigal Son ya mu 1981, imene anaitsogolera yekha. Yuen Biao akusewera mwana wa munthu wolemera wa ku Foshan amene amadziona ngati katswiri chifukwa sanagonjepo, osadziwa kuti bambo ake amalipira anthu mobisa kuti azigonja dala. Amene akumutsegula maso ndi wosewera wa opera, wochepa thupi, wodwala mphumu, amene pasiteji amasewera ngati mkazi. Mbali imeneyi Sammo anaipereka kwa Lam Ching-ying, ndipo iye mwini akutulukira filimu itapita kale patali, monga mphunzitsi wachiwiri. Ndewu za mufilimuyi ndi za mtundu wa kung fu wotchedwa Wing Chun, zapafupi, zigongono ndi mawondo, ndipo kamera ikuima poti muone thupi lonse ndi pamene nkhonya yafikira. Mukaona mmene mnyamatayo akumenyera kumayambiriro, mokongola koma mopanda mphamvu, ndi mmene akumenyera kumapeto, magazi ali kumaso, mwamva nkhani yonse ngakhale mutazimitsa mawu. Filimuyi inapata mphoto ya ndewu zokonzedwa bwino pa Hong Kong Film Awards. Tisaiwalenso kuti Wing Chun imene dziko lonse linaidziwa kudzera mwa Ip Man mu 2008, Sammo anali ataionetsa kale mu Warriors Two ya mu 1978, ndipo ndewu za Ip Man yemweyo anakonza ndi iye.

Za kukweza anzake ndingonena mwachidule. Yuen Biao anapatsidwa mbali yaikulu koyamba mu Knockabout ya mu 1979, filimu ya Sammo. Mr. Vampire ya mu 1985, ya mitembo yodumphadumpha ija, imene inatchukitsa Lam Ching-ying, Sammo ndiye anaipanga. Yes, Madam ya chaka chomwecho, imene inayambitsa Michelle Yeoh ndi Cynthia Rothrock pa mafilimu a ndewu, inatuluka kukampani ya D&B imene Sammo anali mmodzi mwa oiyambitsa. Koma nkhani yanga lero ndi ya Sammo wosewera.

Mu 1985 iye, Jackie Chan ndi Yuen Biao anali pachimake. Project A ndi Wheels on Meals zinali zitapanga ndalama zambiri, ndipo anthu ankangofuna zomwezo: mateche, kuthamangitsana, kuseka. Chaka chimenecho anatulutsa Heart of Dragon. Jackie Chan ndi wapolisi amene akulakalaka kukagwira ntchito m'sitima zapanyanja, koma sangachoke chifukwa ali ndi mchimwene wake wamkulu msinkhu koma wa nzeru za mwana. Mchimweneyo ndi Sammo, ndipo mufilimu yonse samenya ndewu ya kung fu ngakhale imodzi. Taganizani, munthu amene anthu amalipira pakhomo kuti amuone akuuluka, akusankha kukhala munthu woti ana akumugwiritsa ntchito kuti akadye mulesitilanti opanda ndalama, mpaka iye kukabisala m'chipinda chozizira chosungiramo zakudya chifukwa cha mantha. Pena akupita kukafuna ntchito kuti asakhale mtolo kwa m'bale wake, ndipo mwini malo akumuchititsa zinthu zoseketsa anthu, iye n'kumachita ndi mtima wonse poganiza kuti amulemba. Filimuyi ili ndi zofooka, pena imakoka misozi mokakamiza. Koma aliyense amene m'banja mwake muli munthu wotere, amene anamvapo chikondi ndi kutopa zikulimbana mumtima umodzi, adzazindikira zimene abale awiriwa akudutsamo. Ndi akatswiri angati a ndewu amene akanalola kuti awaone chonchi ali pachimake pa mbiri yawo?

Ntchito yake yoposa zonse, kwa ine, ndi Painted Faces ya mu 1988, yotsogoleredwa ndi Alex Law. Mmenemu Sammo akusewera Yu Jim-yuen, mphunzitsi wake weniweni uja amene ankamukwapula. Mufilimumo muli kamnyamata konenepa kamene kakusewera Sammo ali mwana. Ndiye kuti munthuyu wanyamula ndodo, waima pamalo pamene ankaima mphunzitsi wake, ndipo akukwapula mwana amene akuimira iye mwini. Munthu wina akanagwiritsa ntchito mpata umenewu kubwezera, n'kumuonetsa mkuluyo ngati chilombo. Wina akanamuyeretsa kuti aoneke ngati woyera mtima. Sammo sanachite ziwiri zonsezi. Yu wake ndi wankhanza ndithu, ndodo ikutera pathupi la mwana ndipo woonera akumva kuwawa. Koma ndi munthunso wosauka amene akuona luso limene anaperekera moyo wake likutha, holo zikukhala zopanda anthu, achinyamata akuthamangira nyimbo za magitala, ndipo sakudziwa njira ina yokonzekeretsera anawa kupatula imene iye analeredwera nayo. Akakumana ndi mayi wophunzitsa gulu la atsikana, amene akuseweredwa ndi Cheng Pei-pei, munthu woopsa uja akusowa poika manja, mawu akumukanika, ndipo mwayi ukumudutsa akuona.

Pali gawo lina mufilimuyi limene silichoka m'mutu. Lam Ching-ying akusewera mnzake wa Yu, amene anaphunzira naye opera koma tsopano wakalamba akugwira ntchito yogwa m'malo mwa akatswiri a mafilimu. Tsiku lina akuvulala m'mutu pojambula, mutu n'kusokonekera, n'kukwera pamwamba akudziona ngati ali pasiteji ya opera. Anthu onse asowa chochita. Yu akumutsatira, ndipo m'malo momugwira mwamphamvu akuyamba kuimba naye ndi kusewera naye sewero limene anaphunzira ali anyamata, mpaka mnzakeyo kufatsa. Anthu awiri amene akusewera gawoli onse anakulira m'sukulu za opera ndipo onse anayamba ntchito pogwa m'malo mwa ena. Akudziwa chimene akunena. Pa filimu imeneyi Sammo analandira mphoto ya wosewera wamwamuna wopambana pa Hong Kong Film Awards, kachiwiri, chifukwa anali atailandirapo kale ndi Carry On Pickpocket ya mu 1982. Chaka chotsatira anasewera mu Eight Taels of Gold ya Mabel Cheung, monga woyendetsa takisi ku New York amene akubwerera kumudzi ku China patatha zaka zambiri, atavala golide wobwereka kuti asaoneke wolephera. Amene ali ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku Britain sangafune womufotokozera nkhani imeneyo.

Alipo amene angatsutse, ndipo zina mwa zonena zawo n'zoona. Mafilimu ake anthabwala, makamaka a Lucky Stars a m'ma 1980, ali ndi magawo amene gulu la amuna akuluakulu likupanga mapulani oti ligwiregwire mkazi mmodzi, ndipo filimu ikuyembekeza kuti tiseke. Zimenezo zinali zonyansa nthawi imeneyo ndipo n'zonyansa lero. Sindingaziteteze ponena kuti inali nthawi yake, pakuti iye ndiye anali wotsogolera ndipo akanatha kuzisiya. N'zoonanso kuti ndewu zake zimaoneka zenizeni chifukwa kawirikawiri nkhonya zinkafikadi, ndipo anyamata ogwa aja ankavulala kuti ife tikuwe m'vidiyo. Ena amati Painted Faces ikupepesera mphunzitsi womenya ana. Apa ndiye sindikuvomereza. Filimu yopepesera ikanabisa ndodo ija kapena kuichepetsa. Iyi ikuionetsa poyera, n'kukusiyani ndi funso lovuta loti munthu angakonde bwanji amene anamupweteka, funso limene ambiri amene tinaphunzira m'masiku a chikwapu timalidziwa. Kumvetsa munthu ndi kumukhululukira ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo Sammo anasankha choyambacho.

Ena amati akanakhala wamkulu chonchi bwenzi atatchuka ku America monga Jackie Chan ndi Jet Li. Kumeneko anapitako. Kuyambira 1998 mpaka 2000 anali mwini sewero la pa TV la Martial Law pa CBS, chinthu chimene chinali chosowa kwambiri kwa munthu wochokera ku Asia nthawi imeneyo. Koma anamupatsa mbali imodzi yokha, ya wapolisi wabwino wochokera ku China amene amamenya zigawenga sabata iliyonse, m'chilankhulo chimene sankachilankhula momasuka. Kumuyeza ndi zimenezo n'kumuyeza pamene anamangidwa manja. Hollywood imadziwa kugulitsa munthu wopambana. Sinadziwe chochita ndi munthu amene luso lake lalikulu lili pa kuonetsa kufooka m'thupi lamphamvu.

Atabwerera kwawo, ukalamba unamupatsa mbali zimene unyamata sukanamupatsa. Mu SPL ya mu 2005, ya Wilson Yip, ali ndi zaka 53, ndi Wong Po, mkulu wa zigawenga. Amapha mboni, amaopseza apolisi pamsewu atazunguliridwa ndi anyamata ake. Koma foni ikalira kuchokera kwa mkazi wake, amene anavutika kuti apeze mwana, nkhope ija imasungunuka, mawu n'kufewa. Ndewu yomaliza ndi Donnie Yen ndi yogwetsana pansi, kupanana makosi, kuswa matebulo ndi mabotolo, ndipo Sammo akumenya ngati munthu wolemera amene akudziwa kuti mpweya wake ndi wowerengeka. Pamene mukuganiza kuti wagonja, akudzuka n'kumuponya mnzakeyo pawindo la nyumba yosanja. Thupilo likukagwera pagalimoto imene mkazi wa Wong Po ndi khanda lake akumudikiriramo. Wapambana ndewu, ndipo ndi dzanja lake lomwe wapha onse amene ankawakonda. Kamera ikukhala pankhope pake akuyang'ana pansi. Palibe theche pamenepo, palibe mawu oti wotanthauzira awonjezere, koma ndi mphindi imene imakutsatirani mpaka kunyumba.

Ndiye pali Ip Man 2 ya mu 2010, imene ambiri kuno anaionera. Aliyense amakumbukira ndewu ya patebulo lozungulira, mipando itatembenuzidwa miyendo m'mwamba pansi pake. Koma tayang'anani munthu amene Sammo akusewera, Hung Chun-nam, mkulu wa masukulu a kung fu ku Hong Kong wolamulidwa ndi Britain. Amatolera ndalama kwa aphunzitsi anzake, amagonjera wapolisi wachizungu wakatangale, ndipo poyamba timamuda. Kenako tikuona chifukwa chake: ali ndi ana ambiri, ali ndi ophunzira ochuluka amene amadya kudzera mwa iye, ndipo ali ndi mphumu imene amaibisa. Ip Man wa Donnie Yen ndi munthu wopanda banga, ndipo n'chifukwa chake nthawi zina amatopetsa. Hung ndi munthu amene wameza manyazi kwa zaka kuti anthu ake adye, mpaka tsiku limene wankhonya wachingerezi Twister, woseweredwa ndi Darren Shahlavi, akunyoza kung fu pamaso pa anthu onse. Hung akulowa mubwalo akudziwa kuti chifuwa sichimulola. Poyamba akumenya bwino, kenako mpweya ukutha, miyendo ikulemera, ndipo akugwira chingwe ndi dzanja limodzi osachisiya, akukana kuti Ip Man aimitse nkhondoyo, mpaka kufera pomwepo. Filimuyo ili ndi dzina la Ip Man, koma chimene chimachititsa kuti ndewu yomaliza ikhale ndi tanthauzo ndi imfa ya Hung. Chotsani Sammo mmenemo, mutsala ndi munthu wabwino akumenya munthu woipa, nkhani imene taionera kambirimbiri.

Chizolowezi chathu poonera mafilimu amenewa n'chakuti timafunsa kaye kuti mwini filimu ndani, tikamudziwa timakhazika mtima pansi podziwa kuti safa, ndipo ena onse timawaona ngati anthu ongodikira kumenyedwa. Chizolowezi chimenechi n'chimene chatibisira Sammo Hung. Chimatibisiranso Lam Ching-ying, Yuen Wah ndi ena ambiri amene nkhope zawo timazidziwa koma mayina ayi. Kuonera kotere kumatichepetsera chisangalalo chathu chomwe, chifukwa gawo lokoma la filimu kawirikawiri limakhala mwa munthu amene ali ndi choti ataye.

Mu 2024, ali ndi zaka 72, analandira mphoto yolemekeza ntchito ya moyo wake wonse pa Hong Kong Film Awards, ndipo chaka chomwecho anaonekanso mu Twilight of the Warriors: Walled In ya Soi Cheang, monga Mr. Big, mkulu wa zigawenga wofuna kulanda dera la ku Hong Kong lotchedwa Kowloon Walled City. Kwawo akumudziwa. Pempho langa likupita kwa anyamata amene amatanthauzira mafilimu m'Chichewa ndi amene amawaika m'mafoni ndi m'mamemori khadi m'misika yathu, chifukwa iwo ndi amene amasankha zimene dziko lino lionere. Akatulukira pakanema, mutchuleni dzina lake lenileni ngakhale kamodzi musanamupatse la kumudzi. Ndipo pakati pa mafilimu a nkhonya amene mumatulutsa sabata ndi sabata, yesani kutanthauzira Painted Faces, Heart of Dragon kapena Eight Taels of Gold. Muli nkhani za mphunzitsi ndi chikwapu, za m'bale wolumala, za munthu wobwera kuchokera kunja wopanda kanthu m'thumba, ndipo sindikukayika kuti anthu a pabenchi adzakhala mpaka filimu ithe.